Pakhomo ndi Paulendo: Buleki Yoyamba Ndi Giya



Kope lino likukupezani misika ya fodya itatsegulidwa kale. Amene mumakhala m'mbali mwa msewu wa M1 simufunika kuchita kuuzidwa, pakuti tulo tanu tayamba kudukizadukiza ndi malole amene akuchezera usiku wonse kututira mabelo ku okushoni ya ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. M'midzi ya kwa Wimbe, kwa Chulu, kwa Santhe ndi ku Chamama zigafa zayamba kupepuka, ndipo m'matumba mwa alimi ena mwayamba kufunda. Chaka chilichonse nyengo ngati ino pamapezeka mabanja angapo ogula galimoto koyamba. Ena amagula kalole kakale ka magiya apamanja kuti chaka chamawa asadzavutikenso ndi hayala, pamene ena amaitanitsa Sienta kapena Probox ku Japan, zija zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzalowera pachipata cha Songwe, zomwe zambiri mwa izo n'zosintha zokha magiya, zimene timati za otomatiki. Onsewa tikukondwera nawo, pakuti thukuta lawo labala chooneka ndi maso. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Galimoto ikafika pakhomo imabwera ndi udindo wake, ndipo lero tati tikambirane za mbali imene ambiri timaitenga mopepuka. Kuiyendetsa galimoto mwana aliyense amaphunzira m'masiku ochepa. Luso lenileni lili pa kuibweza liwiro ndi kuiimitsa.

Ife a ku Kasungu tili ndi vuto limene anzathu a ku Rumphi kapena ku Dedza alibe. Dziko lathu ndi lachidikha. Munthu akhoza kuchoka pamlatho wa Bua mpaka paboma, kuchoka paboma mpaka kwa Santhe, osakumana ndi mtsetse woti n'kumutulutsa thukuta. Pantchito yathu yophunzitsa ana timadziwa kuti mphunzitsi wosadzudzula amakondedwa ndi ana onse, koma ana akewo amakaonekera tsiku la mayeso. Chidikha chathuchi ndi mphunzitsi wotere. Dalaivala akhoza kuyenda zaka zisanu phazi lili pakilatchi, akhoza kumatsetsereka pa fili pofuna kusunga mafuta, akhoza kuyenda ndi mabuleki otha, msewu osamudzudzula ngakhale tsiku limodzi. Iye amayamba kudziyesa katswiri, anzake n'kumamutama, kufikira tsiku limene angatuluke m'chidikha atasenza katundu.

ZIMENE TIDAONA PAMSEWU WA KU NKHOTAKOTA

Zaka ziwiri zapitazo bambo a mphunzitsi mnzathu adatisiya kwawo ku Nkhotakota. Uthenga udatipeza m'bandakucha, ndipo monga mudziwa maliro athu sachedwa, choncho aliyense mtima udali m'mwamba kuti tikafike asanaike. Tidachita hayala lole ya matani atatu. Kumbuyo kudakwera anthu pafupifupi 30 pamodzi ndi matumba a ufa ndi nkhuni. Kutsogolo tidakhala ife ndi bambo wina wachikulire wa pamzikiti pathu, amene adakalambira pachiwongolero cha malole a pa esiteti ina ya fodya. Dalaivala adali mnyamata waulemu, amene pa zaka zitatu zotuta fodya adali asanagundepo ngakhale nkhuku.

Msewu wa M18 umayamba mofatsa ngati misewu yonse yakwathu. Koma ukadutsa pa Malomo n'kulowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, dziko limayamba kutsika. Chidikha cha Kasungu chili pamwamba ndi mamita opitirira 1,000 poyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Ndiye kuti galimoto iyenera kutsika mamita oposa 500 mokhotakhota isanaone madzi.

Mnyamata uja adachita zomwe adazolowera. Pamtsetse woyamba adachotsa giya, lole n'kumatsetsereka pa fili, phazi lili pabuleki. Pawachiwiri chimodzimodzi. Mkulu uja adakhosomola pang'ono, nati, "Adalaivala, bwanji tikadalowetsako giya?" Mnyamatayo adamwetulira. "Musadandaule agogo, mabulekiwa ndi atsopano. Komanso mafuta adulawa tisungeko." Sipadapite nthawi yaitali, fungo ngati la mphira wopserera lidatipeza pomwe tidakhala. Tidaona phazi la mnyamatayo likutsika mpaka pansi, lole osamva kanthu. Nkhope yake idasintha.

Mkulu uja sadakuwe. Adangoti, "Popani bulekiyo, mwana wanga. Popaninso. Tsopano pondani kilatchi, ipatseni moto injiniyo, lowetsani 4." Giya idalowa mokukuta, injini idalira ngati iphulika, koma lole idayamba kumva. "Tsopano 3." Idalowa. Mwa chifundo cha Allah kutsogolo kudali kachitunda, ndipo pamenepo ndi pomwe tidakaimira, handibuleki ikukokedwa pang'onopang'ono. Ambiri mwa anthu akumbuyo sadadziwe n'komwe chomwe chachitika. Amayi ena amafunsa ngati mafuta atha.

Mnyamatayo adathamangira chigubu cha madzi kuti athire pamawilo amene amafuka utsi, koma mkulu uja adamugwira dzanja, nati chitsulo chotentha chikathiridwa madzi ozizira chimapindika kapena kung'aluka. Adaika miyala kumatayala, ndipo tidadikira pafupifupi ola lathunthu maso ali kuthengo, pakuti m'nkhalangomo muli njovu zambiri chisamutsireni zija za ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Mitsetse yotsalayo tidatsika pa giya 2, moyenda ngati ngolo. Tidafika anthu akuchokera kumanda. Ena mwa ife adang'ung'udza, koma mnzathu wofedwayo atamva zomwe zidachitika adangogwira dzanja la mkulu uja nthawi yaitali, osanena kanthu.

KODI CHIDACHITIKA N'CHIYANI?

Mnyamata uja sadaname, mabuleki adalidi atsopano. Chomwe sadadziwe ndi chakuti buleki yatsopano nayonso imatopa. Mukaponda buleki, mafuta ake amayenda m'timapaipi n'kukakankha mapadi kuti afinye chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala. Liwiro lonse la galimoto limasanduka kutentha pamenepo, monga momwe zikhatho zimatenthera mukazikwechesa mwamphamvu. Pachidikha timaponda kamphindi n'kusiya, zitsulo n'kuzizira ndi mphepo. Pamtsetse wautali, phazi likangokhala pabuleki, kutentha kumaunjikana kopanda kothawira. Katundu amawonjezera moto. Belo limodzi la fodya limalemera pafupifupi makilogalamu 100, ndipo anthu akuluakulu 30 ndi pafupifupi matani awiri. Kulemera konseko mabuleki amayenera kukusandutsa kutentha.

Kutentha kukapyola muyeso pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, mapadi amayamba kuterera pachitsulo m'malo moluma. Mumaponda mwamphamvu koma galimoto imangochita ngati ikumva. Chachiwiri ndi choopsa koposa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi chamumpweya pang'onopang'ono. Amtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 205, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140. Akawira, m'timapaipi muja mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pamene mafuta safinyika. N'chifukwa chake phazi limangopita pansi ngati mwaponda chinkhupule. Chonyenga chake n'chakuti zikazizira buleki imabwerera bwinobwino, mwini wake n'kuiwala, mafuta aja ali omwewo. Opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha mafuta a mabuleki zaka ziwiri zilizonse. Tidzifunse tokha: m'galimoto yathu adasinthidwa liti?

Izi si za kwathu kokha. Abale athu okhala ku Durban amakumbukira za mu Seputembala 2013, pamene lole yaikulu idalephera kuima potsika phiri la Fields Hill ku Pinetown n'kukawomba maminibasi pamphambano, anthu oposa 20 n'kutaya miyoyo. Pamtsetse wa Town Hill ku Pietermaritzburg, m'dziko lomwelo, malole amayenera kuima kaye pamwamba asanayambe kutsika, ndipo m'mbali mwa msewu adakonzamo tinjira todzaza miyala ing'onoing'ono toti lole yothawa ikatitimiremo. Pamitsetse yathu ya ku Chiweta, ku Golomoti ndi ku Nkhotakota, chomwe dalaivala angadalire ndi nzeru zake.

GIYA YOKWERERA NDIYO YOTSIKIRA

Lamulo limene madalaivala akale adatisiyira ndi lalifupi: giya imene mukadakwerera chitunda ndi imene mutsikire mtsetse wake. Galimoto ikakhala m'giya yotsika inu mutachotsa phazi pamafuta, matayala ndi amene amakakamizika kuzunguza injini, ndipo injiniyo imakana, n'kumaibweza galimoto mtunda wonse popanda kutenthetsa mabuleki. Giyayo muilowetse muli pamwamba, musanayambe kutsika, pakuti liwiro likachuluka giya yotsika imakana kulowa. Liwiro likamakwerabe, pondani buleki mwamphamvu kwa kamphindi kuti litsike ndithu, kenaka siyani kuti zitsulo zipume. Kuigwiragwira buleki mopepuka mtunda wonse ndi kumene kumaipsereza. Mukaona kuti mukupondaponda kawirikawiri, dziwani kuti giya yanu ndi yokwera, tsitsaninso ina.

Malole ambiri a dizilo ali ndi kachitsulo pambali pa chiwongolero kotsekera mpweya wotuluka mu injini, kamene kamathandiza kubweza liwiro. Kameneka kamagwira pokhapokha lole ili m'giya, phazi litachoka pakilatchi ndi pamafuta. Amene mumayendetsa malole a mabuleki a mpweya kumbukiraninso kuti kupopapopa kumatha mpweya m'thanki, ndipo mpope wodzaza mpweyawo umazunguzidwa ndi injini. Injini ikamayenda pang'onopang'ono pa fili, mpweya umadzaza mochedwa.

Nanga za kusunga mafuta? Tikudziwa kumene chizolowezichi chidachokera. Tonse tidagonapo pamizere yamafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso m'zaka zotsatira 2022, ndipo munthu amene adagonapo pamzere amawerenga dontho lililonse. Koma tamverani izi. Galimoto zamasiku ano, zimene mafuta ake amayezedwa ndi kompyuta, zikamatsika mtsetse zili m'giya phazi litachoka pamafuta, kompyutayo imatseka mafuta, pakuti matayala akuizunguza kale injini. Mukaika pa fili, injini imayenera kumwa mafuta kuti isazime. Ndiye kuti wotsetsereka pa fili akuwononga mafuta amene akuganiza kuti akusunga, n'kutayanso buleki yake yoyamba.

Ena amafika pozimitsa injini kumene. Uku ndiye kusewera ndi miyoyo ya anthu. Mphamvu imene imapangitsa buleki kukhala yofewa kuphazi imachokera ku injini. Ikazima mumaponda kamodzi kapena kawiri, kachitatu buleki yauma gwa ngati mwala. Chiwongolero nacho chimalemera, ndipo kiyi akapotokera kumapeto chikhoza kudzitseka muli pakati pokhota.

KWA A MAGIYA APAMANJA

Kilatchi ndi mlatho wa pakati pa injini ndi matayala. Mukaiponda mwadula mlathowo. Choncho kutsika mtsetse mutaponda kilatchi n'chimodzimodzi kutsika pa fili, ngakhale giya ili m'malo mwake. Ophunzira ambiri amathamangira kilatchi akangoona choopsa, poopa kuti injini izima. Dongosolo lake ndi ili: buleki poyamba, kilatchi pambuyo, galimoto ikatsala pang'ono kuima kapena mukafuna kusintha giya. Ngakhale injini itazima galimoto itaima, palibe chomwe chatayika.

Phazi lamanzere likamaliza ntchito yake lizibwerera pansi. Kuligoneka pakilatchi, ngakhale mopepuka, kumadya mbale ya kilatchi pang'onopang'ono, ndipo mudzaidziwa tsiku limene injini idzalire lole osasuntha, mabelo ali pamwamba, mzere wa ku okushoni ukukusiyani. Chimodzimodzinso kuimika galimoto pachitunda poigwira ndi theka la kilatchi. Pachitunda kokani handibuleki. Ponyamuka lowetsani giya 1, patsani mafuta pang'ono, kwezani kilatchi mpaka mumve galimoto ikufuna kunyamuka, kenaka tsitsani handibuleki. Palibe manyazi pamenepa, ndipo amene ali kumbuyo kwanu pa njinga adzakuyamikani.

Pokhota, bwezani liwiro ndi kutsitsa giya musanalowe pakona, galimoto ikadali yolunjika. Kuponda buleki muli pakati pokhota ndi kumene kumagubuduza malole osanjikiza mabelo mpaka kumwamba. Poimika galimoto pamalo opendekera, kokani handibuleki n'kusiya giya 1 ngati yayang'ana kumtunda, kapena livesi ngati yayang'ana kumunsi, matayala akutsogolo muwapotolere kumbali kwa msewu, ndipo ngati yasenza katundu mwala kutayala usasowe. Koma amene wasiya galimoto m'giya akumbukire kuponda kilatchi poliza, pakuti ikhoza kudumpha, ndipo pakhomo pa Mmalawi sipasowa mwana woima kutsogolo kwa galimoto ya bambo ake.

KWA A OTOMATIKI

Anthu amati otomatiki ndi galimoto yoti ngakhale mwana akhoza kuyendetsa. Mawu amenewa apweteketsa ambiri. Kusavuta kwakeko ndi kumene kumachititsa munthu kulowa pamsewu asanaphunzire.

Choyamba, phazi lamanzere lilibe ntchito. Lamanja lokha ndi limene limasinthana pakati pa mafuta ndi buleki. Amene adazolowera magiya apamanja, tsiku loyamba phazi lamanzere limafunafuna kilatchi n'kukapeza buleki, galimoto n'kuima dzii pakati pa msewu, apaulendo n'kuwombetsa mitu. Komanso galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi buleki yoimikira yopondedwa ndi phazi, imene ili pamalo pomwe pamakhala kilatchi. Musanachoke pakhomo yang'anani pansi, mudziwe chopondera chilichonse ndi ntchito yake.

Chachiwiri, zilembo zija muzidziwe zonse. P ndi poimika, R ndi pobwerera m'mbuyo, N ndi fili, D ndi poyenda. Ambiri amalekera pomwepa, osafunsa kuti nanga 2 ndi L, kapena S ndi B zimene zili m'galimoto zina, adaziikiranji. Amenewo ndiwo magiya anu otsikira mtsetse. Pa D galimoto imakonda kusankha giya yokwera kuti isunge mafuta, choncho potsika imathamanga pafupifupi ngati ili pa fili. Pamtsetse wapang'ono dinani kabatani ka O/D ngati kalipo, kapena ikani pa S. Pamtsetse weniweni bwezani liwiro ndi buleki n'kuika pa 2, ndipo pakatsetsereka kwambiri ikani pa L kapena pa B. Injini idzalira mokweza. Musachite mantha, imeneyo ndiyo ntchito yake, ikukugwirirani galimoto.

Chachitatu, otomatiki ikakhala pa D kapena pa R imayenda yokha pang'onopang'ono ngakhale simunaponde mafuta. Posuntha chogwirira magiya phazi likhale pabuleki. Musatsike m'galimoto kukatsegula geti ili pa D, ngakhale kwa kamphindi. Musaike pa R kapena pa P isanaimiretu, pakuti mudzaswa bokosi la magiya limene mtengo wake ungadye mabelo angapo. Ndipo ikadzachitika kuti mwaponda chimene mukuti ndi buleki koma galimoto ikulumphira kutsogolo, musawonjezere mphamvu. Chotsani phazi lonse, mwaponda mafuta.

Chachinayi, P si buleki. Ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamakola m'mano a giya m'kati mwa bokosi. Mukaimika pamalo opendekera, pondani buleki, kokani handibuleki, kenaka ikani pa P, kuti kulemera kwa galimoto kukhale pamabuleki osati pakachitsulo kaja. Pomaliza, otomatiki siliza ndi kukankha batire ikafooka, ndipo kuikoka mtunda wautali ndi chingwe injini itazima kumawononga magiya ake, chifukwa mpope wa mafuta a m'bokosimo umayendera injini. Ikafa panjira ndi bwino kuinyamula.

MTUNDA WOIMIRA

Tsopano tibwerere kuchidikha kwathu, pakuti nakonso kuli mayeso ake. Ntchito yokonzanso msewu wa M1 kuchokera pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu mpaka pamphambano ya ku Mzimba idayamba mu 2022, ndipo paliponse pamene phula wasalala phazi limalemera lokha. Koma pamsewu womwewo pali akabaza, ngolo za ng'ombe zopanda nyali, mbuzi, ana asukulu, ndi misika ya m'mbali mwa msewu monga pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuchokera pamene diso laona mwana mpaka pamene phazi lafika pabuleki pamapita pafupifupi sekondi yathunthu, ndipo kwa munthu wotopa kapena wogwira foni zimaposa apo. Galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino, paphula wouma, pa liwiro limeneli imafuna mamita opitirira 50 kuti iime, ndiye kuti theka la bwalo la mpira. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna umawirikiza kanayi. Choncho siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo: ikadutsa mtengo wina, muwerenge masekondi atatu musanafike pamtengo womwewo. Mukasenza katundu, kapena kukagwa mvula, wonjezerani.

Pangozi yadzidzidzi, kapondedwe kamatengera galimoto yanu. Ngati ili ndi ABS, mudzaona kanyali kolembedwa zilembo zimenezi kakuyaka n'kuzima mukamaliza. Yotereyi pondani mwamphamvu osasiya, uku mukuwongolera kothawira. Chopondera chidzanjenjemera ndi kulira kuphazi. Sikuti chawonongeka, chikuteteza matayala kuti asakwekwerezeke. Ngati ilibe ABS, matayala akauma n'kuyamba kukwekwereza galimoto simvanso chiwongolero, choncho masulani phazi pang'ono n'kupondanso.

M'misewu yafumbi yopita ku maesiteti ndi m'midzi, mchenga ndi timiyala zimatalikitsa mtunda woimira, kaya ABS ilipo kaya palibe. Musalowe m'fumbi la lole yakutsogolo, pakuti simudziwa chimene chaima m'menemo. Mvula yoyamba ya Novembala imasakaniza fumbi ndi mafuta otayikira paphula, msewu n'kuterera ngati therere. Ndipo mukawoloka madzi padambo, yendani pang'onopang'ono mukugwira buleki mopepuka kwa mamita angapo kuti iume, musanaifune mwadzidzidzi.

Tsiku lina buleki ikadzakana, kumbukirani zomwe adachita mkulu uja. Chotsani phazi pamafuta, popani buleki kangapo msangamsanga, tsitsani magiya imodzi imodzi, kapena kuchoka pa D kupita pa 2 kenaka L. Kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pakabatani kake, kuti matayala akumbuyo akauma muthe kumasula. Lizani hutala, yatsani nyali zochenjeza, ndipo funani chitunda, mchenga kapena tchire. Injini musazimitse mpaka mutaima.

UDINDO WA BANJA LONSE

Pepala la COF limene a Road Traffic amapereka limanena za tsiku limene galimoto idayesedwa. Silinena za m'mawa uno. Musananyamuke yesani buleki pabwalo pakhomo. Yang'anani mafuta ake m'kabotolo, ndipo akamatsika msanga dziwani kuti penapake pakudontha. Buleki ikamalira ngati chitsulo chikukhuza chinzake, ikamakokera galimoto mbali imodzi, kapena ikamafuna kupopa isanagwire, pitani kwa makaniko lero, osati mukagulitsa mabelo otsala. Matayala osalala nawonso amapha mabuleki abwino, pakuti chimene chimagwira msewu ndi tayala.

Kwa inu amayi ndi alongo athu, kaya mukuyendetsa nokha kaya mwakhala kumbali, muli ndi mawu pankhaniyi. Mukamva fungo lopserera pamtsetse, mukaona giya yachotsedwa, lankhulani. Tsiku lija ife tidaona zonse zimene mnyamata uja amachita, koma tidakhala chete poopa kuoneka ngati tikuphunzitsa munthu ntchito yake. Mpaka lero timachita nazo manyazi. Akadapanda kulankhula mkulu uja, ulemu wathuwo ukadatithera anthu 30. Inunso eni galimoto, musapereke kiyi kwa mwana wanu chifukwa choti amatha kuzungulira bwalo la mpira. Apite kusukulu yoyendetsa, atenge laisensi yake m'njira yoyenera. Ndipo mukatuma dalaivala, musamuwerengere mafuta mpaka kumukakamiza kutsetsereka pa fili.

Pakachitika ngozi timakonda kutonthozana kuti tsiku lake lidakwana. Ndi zoona kuti tsiku la munthu alidziwa ndi Allah yekha, ndipo mawu amenewa ndi mankhwala kwa ofedwa. Koma si chobisalirapo cha munthu amene adamva buleki ikulira mwezi wathunthu osaikonza. Aliyense wokwera galimoto yathu watisungitsa moyo wake, ndipo chosungitsidwa chimenechi, chomwe timati amana, tidzafunsidwa za icho.

Mnyamata uja akuyendetsabe. Tidakwera naye posachedwapa pamsewu womwe uja, ndipo tidamuona akutsitsa giya pamwamba pa mtsetse uliwonse, apaulendo ena akudandaula kuti akuchedwa, iye osawayankha. Mkulu uja sakumutchulanso kuti agogo koma aphunzitsi. Choncho kwa inu amene mwagula galimoto chaka chino tikupempha chinthu chimodzi. Ulendo wanu woyamba wotsikira kunyanja, kaya ndi wa ukwati kaya wokaona abale pa Eid, musapite nokha. Pamzikiti uliwonse ndi m'mudzi uliwonse wa ku Kasungu kuno muli madalaivala akale a pa maesiteti amene akungokhala pakhonde ndi nzeru zawo. Tengani mmodzi, mumukhazike kutsogolo, ndipo akakhosomola mumvere. Safunsa adadya phula, ndipo kuthamanga sikufika.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzakambirana za kanyamulidwe ka ana pagalimoto ndi panjinga yamoto. Pakadali pano yendani bwino, mukafike bwino, ndipo mubwerere kwa ana anu ndi mtendere.